Pulinta ya 3D ikamavuta kukwera ndi kutsika: kufufuza mavuto a Z pa Ender 3

Vuto la Z, mbali imene imakweza ndi kutsitsa nozzle (kamlomo kotulutsa pulasitiki wosungunuka), silibwera ndi nkhope imodzi. Nthawi zina chinthu chimene mwasindikiza chimatuluka ndi mikwingwirima m'mbali ngati lata. Nthawi zina chimafupika, mwalamula mamilimita 20 koma vernier, chida choyezera, ikuwerenga 19.5. Pena mota imangolira osasuntha, pena nozzle imalowa m'bedi, posindikizirapo, nthawi ya homing, pamene pulinta ikufuna poyambira pake, n'kukanda galasi. Zonsezi zimachokera kumbali imodzi ya makinawa, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo amene amathamangira kusintha manambala mu firmware, pulogalamu ya m'kati mwa pulinta, asanagwire chitsulo ndi manja nthawi zambiri amangowonjezera vuto lachiwiri pa loyambalo.

Tikamba za Ender 3, imene kampani ya Creality ya ku Shenzhen inatulutsa mu 2018, chifukwa mapulinta ambiri otsika mtengo anapangidwa motengera iyo. Zimene zili pano zimagwiranso pa Ender 3 Pro ndi V2.

Mmene mbali ya Z inapangidwira

Pali mizati iwiri ya aluminiyamu yoima chilili, ndipo pakati pake pali mtanda umene umanyamula nozzle. Mtandawu umayenda pa mizatiyo ndi matayala a pulasitiki, atatu kumanzere ndi atatu kumanja. Chimene chimaukweza ndi ndodo imodzi yamazinga ya T8, imene ili kumanzere kokha. Ndodoyi imadutsa mu nati ya brass yomangidwa kumbuyo kwa mtanda, ndipo pansi inalumikizidwa ku mota ndi coupler, imene ili ndi bowo la mamilimita 5 la shafti ya mota ndi la mamilimita 8 la ndodo.

Manambala ofunika kuwasunga pamtima ndi awa. Mazinga a ndodoyi anatalikirana mamilimita 2, koma ndi mazinga anayi oyendera limodzi, choncho ndodo ikazungulira kamodzi mtanda umakwera mamilimita 8. Mota imamaliza kuzungulira kamodzi ndi masitepe 200, ndipo bodi imagawa sitepe iliyonse m'timagawo 16. Mukachulukitsa 200 ndi 16 mumapeza 3200, mukagawa ndi 8 mumapeza 400. Ndiye chifukwa chake firmware ya Ender 3 ili ndi Z400, kutanthauza timasitepe 400 pa milimita iliyonse. Nambala imeneyi ndi masamu a ndodo ndi mota, si chinthu choyerekeza.

Yambani ndi manja, magetsi atathima

Thimitsani pulinta. Gwirani coupler ndi zala ziwiri ndipo muipotokoze pang'onopang'ono kuti mtanda ukwere kuchokera pansi mpaka pamwamba, kenako utsikenso. Ndi ntchito yotopetsa, kuzungulira koposa 30 ulendo umodzi, koma zala zimauza munthu zinthu zimene maso saona. Mphamvu yopotokozera iyenera kukhala yofanana njira yonse. Pamene pakulimba, ikani chizindikiro pa mzati ndi kachidutswa ka tepi. Musapotokoze mothamanga, chifukwa mota ikazunguliridwa ndi dzanja imapanga magetsi amene amabwerera ku bodi. Mukaona sikirini ikuyaka pulinta ili yothima, dziwani kuti mwathamanga.

Malo amene pakulimbawo ali ndi tanthauzo. Kukalimba kwambiri mtanda ukayandikira pansi, pafupi ndi mota, ndiye kuti ndodo ndi mota sizili pa mzere umodzi. Kukalimba kumwamba kokha kapena pansi pokha koma matayala ndiwo akulira, mizati sinatalikirane mofanana. Kukalimba kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndodo ndi yopindika kapena inakhala mopendekeka mu coupler. Mukamva kugunda pang'ono kumene kukubwereranso pakapita mamilimita pafupifupi 70, ndi tayala limene linaphwatalala mbali imodzi, popeza mtunda umenewo ndi umene tayala limayenda likazungulira kamodzi.

Mikwingwirima nayo imayezedwa

Sindikizani chinthu choyesera: chubu chobulungira cha mamilimita 30 m'mimba mwake ndi 150 kutalika, mutatchera Spiralize Outer Contour mu Cura, pulogalamu ya slicer yokonzera chinthu kuti chisindikizidwe, kuti khoma likhale limodzi. Chikatha, chiyang'anitseni pa kuwala kochokera m'mbali ndipo yezani mtunda wa pakati pa mikwingwirima ndi vernier. Mtunda ukakhala mamilimita 8 ndendende kuyambira pansi mpaka pamwamba, wolakwa ndi ndodo, coupler kapena nati, palibenso kwina koyang'ana. Mkwingwirima ukakhala umodzi kapena iwiri yokha, ndipo ukubwera pa msinkhu womwewo pa chinthu chilichonse chimene mwasindikiza, pali chotchinga pa msinkhu umenewo: chinyalala pa mazinga, fumbi louma mu mpata wa mzati, kapena waya amene akukoka mtanda ukafika pamenepo.

Koma sindikizaninso chubu china chachikulu, cha mamilimita 60. Ngati mikwingwirima yasintha mtunda chifukwa chinthu chakula, vutolo si la Z ayi, ngakhale likuoneka ngati la Z. Tibwererako kumapeto.

Kuika ndodo pa mzere

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri a Ender 3, ndipo m'pofunika kudekha. Nati ya brass imakhala pa chitsulo chopindidwa ku fakitale, ndipo kupindako sikukhala kolondola nthawi zonse. Mota nayo inamangidwa pa mzati ndi kachitsulo kake. Zinthu ziwirizi zikasiyana ngakhale ndi milimita imodzi, ndodo imakakamizidwa kupendekeka. Mtanda ukakhala pamwamba vuto silimveka chifukwa ndodo ili ndi mpata wopindikira, koma ukatsika pafupi ndi mota mpata umatha, nati imakanirira, ndipo maleya oyambirira, magawo opyapyala a pulasitiki apansi pa chinthu, amaphwanyika.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsitsani mtanda mpaka utsale mamilimita pafupifupi 50 kuchokera pa bedi, ndipo ikani chinthu cholimba pansi pake kuti usagwe. Masulani sikuluwu yapamwamba ya coupler, kenako potokozani ndodo ndi dzanja kuti ikwere ndi kutuluka mu coupler. Tsopano ili lende pa nati yokha. Ipotokozeninso kuti itsike pang'onopang'ono, osaikankhira mbali iliyonse, ndipo onani pamene nsonga yake ikufikira. Ikalowa yokha m'bowo la coupler, zili bwino. Ikagunda m'mphepete, mota ndi imene iyenera kusuntha kutsatira ndodo, osati ndodo kukakamizidwa kutsatira mota.

Ikaphonya kumanzere kapena kumanja, masulani masikuluwu a kachitsulo kogwira mota, musunthe mota pang'ono, mumangenso. Ikaphonya chakumbuyo, kutali ndi mzati, zimene zimachitika kawirikawiri, mota iyenera kutalikira mzati. Ikani kanthu kopyapyala pakati pa mota ndi mzati: mawashala, kachidutswa ka khadi lakale la pulasitiki, kapena shim yosindikiza pa pulinta yomweyo. Nthawi zambiri theka la milimita mpaka milimita imodzi ndi zokwanira. Wonjezerani pang'onopang'ono mpaka ndodo izilowa yokha.

Ndodo ili kunja choncho, igubuduzeni pa galasi kapena pa tebulo losalala. Yowongoka imagubuduzika mosalala, yopindika imadumphadumpha ndipo mumaona kuwala pansi pake. Kupindika pang'ono pulinta imakupirira, bola kumwamba kwa ndodo kukhale komasuka. Ambiri akaona nsonga ya ndodo ikuvina pamwamba amagula kapena kusindikiza kachipangizo ka bering'i koti kaigwire. Kameneka kamaononga kuposa kukonza. Ndodo yogwidwa pansi ndi pamwamba ilibenso kothawira, ndiye kuvina konse kumapita pakati, pa nati, ndipo nati imakankha mtanda. Ntchito ya ndodo ndi kukweza basi. Kuwongola njira ndi ntchito ya mizati ndi matayala.

Pa chifukwa chomwecho, masikuluwu awiri a M3 amene amagwira nati ya brass asamangidwe mpaka kuuma. Amangeni mpaka agwire, kenako muwabweze pafupifupi theka la kuzungulira, kuti nati izitha kusuntha pang'ono m'mbali koma osakwera kapena kutsika. Munthu wozolowera kumanga mabawuti a galimoto zimamuvuta kuvomereza zimenezi, koma pano kumanga kwambiri ndiko kumapha.

Pomanga coupler, sikuluwu yapansi igwire shafti ya mota ndipo yapamwamba igwire ndodo, zonse zolimba. Jambulani mzere umodzi ndi cholembera kuchokera pa ndodo, kudutsa pa coupler mpaka pa shafti. Mukasindikiza kangapo n'kupeza mzerewo utaduka, coupler ikuterereka, ndipo ndicho chifukwa zinthu zikufupika mosadziwika bwino. Coupler yodulidwa mozungulira ngati sipuling'i imathandiza pamene mzere wasiyana pang'ono, koma imafinyika ndi kutambasuka mtanda ukasintha kolowera, ndiye si yoikapo pongofuna kuthawa ntchito ya shim.

Matayala, mizati ndi mtanda wopendekeka

Mbali iliyonse tayala lamkati lili ndi nati ya eccentric, imene imalowa sipanala ya 10. Bowo lake silili pakati, choncho mukaipotokoza tayala limayandikira kapena kutalikira mzati, ndipo mukapitirira kuzungulira limayambanso kumasuka. Muyeso wake ndi uwu: gwirani mtanda ndi dzanja limodzi kuti usasunthe, kenako yesani kupotokoza tayala ndi zala. Liyenera kuzungulira motererera pa mzati movutikira pang'ono. Likazungulira mopanda kukhudza, lamasuka. Likakana kuzungulira, lamangika mopitirira, ndipo pakapita milungu mudzaona ufa wakuda wa pulasitiki m'mphepete mwake. Yesani matayala onse asanu ndi limodzi, osati a eccentric okha.

Ngati matayala ali bwino mtanda uli pansi koma akulimba uli pamwamba, yezani mtunda wa pakati pa mizati pansi ndi pamwamba. Ukasiyana, masulani masikuluwu anayi a chitsulo chapamwamba, kwezani mtanda mpaka pafupi ndi pamwamba kuti mtandawo ndi umene uike mizati pamalo pake, kenako mangani. Pena pamafunikanso kumasula masikuluwu apansi pa mizati, makamaka mzati ukakhala wopotoka pang'ono moti suyang'anizana bwino ndi unzake.

Popeza ndodo imakoka kumanzere kokha, mbali yakumanja imangotsatira. Yezani kuchokera pa chitsulo chapansi cha pulinta, osati pa bedi, kufika pansi pa mtanda, kumanzere ndi kumanja. Kusiyana kosafika milimita imodzi kumatha ndi kuwongola bedi. Kukapitirira apo, vuto lili pa masikuluwu awiri amene amamanga mtanda ku chitsulo chakumanzere. Anabisika kumbuyo, ndipo kuti muwafike muyenera kuchotsa chitsulo chapamwamba ndi kuzula mtanda wonse. N'zotopetsa, koma kulimbitsa matayala akumanja pofuna kunyamula mbali yogwayo sikuthandiza. Kumangochititsa kuti mbali yakumanja izichedwa: ndodo ikakweza kumanzere, kumanja kumayamba kakamira kenako n'kudumpha.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumabala vuto lodziwika la kabokosi koyesera ka mamilimita 20 kotuluka 19.5, pansi pake patatambasuka. Pa homing mtanda umatsika, kenako ukayamba kukwera, maleya oyambirira amathera pochotsa mpata wa m'matayala ndi mu nati, nozzle osakwera mokwanira. Kuti mutsimikize, sindikizani china cha mamilimita 100. Chikafupika ndi theka la milimita lomwelo, vuto ndi la maleya oyambirira, ndipo mankhwala ake ndi kumasula matayala ndi kuika ndodo pa mzere. Amene amakweza Z400 kufika 410 kuti kabokosi kakwane 20 amapeza kuti chinthu cha mamilimita 200 chatalika ndi mamilimita oposa anayi.

Nthawi yokhayo yosinthira masitepe

Lumikizani pulinta ku kompyuta ndi USB, tsegulani Pronterface, pulogalamu yotumizira malamulo ku pulinta, pa liwiro la 115200, ndipo tumizani M503. Pa mzere wa M92 payenera kuoneka Z400. Nambalayi imasintha pokhapokha mwasintha ndodo, mota kapena firmware. Ndodo za T8 zimaoneka zofanana m'maso koma si zimodzi. Ya mzinga umodzi imakweza mamilimita 2 pa kuzungulira kulikonse ndipo imafuna Z1600. Ya mazinga awiri imakweza mamilimita 4 ndipo imafuna Z800. Mukayang'ana kunsonga kwa ndodo mutha kuwerenga pamene mazinga akuyambira. Chinthu chikatuluka theka kapena gawo limodzi la magawo anayi a msinkhu wake mutangoika ndodo yatsopano, ndi zimenezi. Tumizani M92 Z800 kapena M92 Z1600, kenako M500 kuti zisungike. Nati nayo iyenera kukhala ya ndodo yomweyo.

Sitepe imodzi yathunthu ya mota pa ndodo ya fakitale ndi mamilimita 0.04, ndiye n'kwanzeru kusankha maleya amene amagawika ndi nambala imeneyi, monga 0.12, 0.16, 0.20 kapena 0.28. Phindu lake ndi laling'ono, ndipo silingabise ndodo yopindika.

Mota ikamalira osasuntha

Choyamba siyanitsani chitsulo ndi magetsi. Masulani coupler kuti mota ikhale yokha, ndipo ilamuleni kuti iyende. Ikazungulira bwino yokha, bwererani ku ndodo ndi matayala. Ikamanjenjemera malo amodzi kapena kupita uku ndi uku, waya mmodzi mwa anayi aja wathothoka kapena waduka. Thimitsani pulinta musanazule pulagi iliyonse ya mota, chifukwa kuzula magetsi akuyaka kumatha kuwotcha driver, kachipangizo koyendetsa mota, ndipo pa bodi za Creality driver inawotchereredwa pa bodi moti singasinthidwe payokha. Ndi multimeter, yezani mawayawo awiriawiri kumbali ya bodi: payenera kupezeka magulu awiri, lililonse likuwerenga ma ohm ochepa. Gulu limodzi likapanda kuwerenga, waya kapena mota yafa. Njira ina ndi kulumikiza waya wa mota ya X, yoyendetsa nozzle kumanzere ndi kumanja, ku mota ya Z, coupler ili yomasula, n'kulamula X kuti iyende. Mota ikazungulira bwino, ndiye kuti ili moyo, ndipo vuto lili mu waya wa Z kapena pa bodi.

Mota ikamayenda bwino poyamba n'kuyamba kudumpha masitepe pakapita ola, ganizirani kutentha. Pa Ender 3 fani yoziziritsa bodi inalumikizidwa pamodzi ndi fani youzira pulasitiki. Mukasindikiza pulasitiki wa ABS kapena PETG fani itathimitsidwa mu slicer, bodi nayo imakhala yopanda mphepo, ndipo m'nyengo yotentha driver imadzithimitsa kwa kanthawi. Onaninso liwiro: malire a fakitale a Z ndi mamilimita 5 pa sekondi, ndipo malirewa akakwezedwa, Z hop (kukweza nozzle pang'ono posamukira malo ena) yothamanga kuposa apo pa ndodo youma imatha kutaya masitepe. Kupotokoza kasikuluwu ka Vref pa bodi, kotcherera mphamvu ya magetsi opita ku mota, kukhale komaliza. Pa bodi zakale za A4988, Z imakhala pafupifupi 0.6 V, koma nambala imeneyi si ya bodi za madriver a TMC. Yezani ndi kulemba imene mwapeza musanasinthe, kwezani ndi 0.05 V yokha, ndipo samalani kuti sikuludiraiva isakhudze miyendo iwiri nthawi imodzi.

Onaninso swichi yofiira ya pa power supply. Kumene magetsi ndi a 230 V, monga ku Malawi ndi ku Zambia, iyenera kuonetsa 230.

Homing ikasokonekera

Tumizani M119 kuti muone za swichi ya Z, imene imauza pulinta kuti mtanda wafika pansi. Pa z_min payenera kulembedwa open swichi isanakhudzidwe, ndipo mukaidina ndi chala n'kutumizanso M119 palembedwe TRIGGERED. Swichi za Ender 3 zinapangidwa moti waya akaduka kapena pulagi ikazuka, bodi imaona ngati swichi yadinidwa. Ndiye mukaona mtanda ukukwera pang'ono n'kuima m'malo motsika nthawi ya homing, yang'anani pulagi ya swichi musanaganize za firmware. Nozzle ikamalowa m'bedi, mwina swichi yatsika chifukwa masikuluwu ake amasuka, kapena mwaika galasi osakweza swichi. Galasi la mamilimita 4 limafuna kuti swichi ikwere mamilimita 4. Ngati leya yoyamba imasintha tsiku ndi tsiku popanda chimene mwakhudza, gwedezani swichiyo ndi chala, komanso onani masipuling'i a bedi: akakhala omasuka kwambiri bedi limasuntha lokha, ndipo ndi bwino kutsitsa swichi pang'ono kuti masipuling'i akhale ofinyika pafupifupi theka. Pa pulinta ya BLTouch kapena CR Touch, timasensa toyeza bedi, nambala ya M851, yonena kutalikirana kwa sensa ndi nozzle, ikapanda kusungidwa ndi M500 imatayika mukathimitsa.

Magetsi akathima pakati pa ntchito, mota imasiya kugwira, ndipo ndodo ya mamilimita 8 ili ndi mazinga otsetsereka moti mtanda wolemera, monga wa direct drive, umene mota yokankha pulasitiki imakhala pa nozzle pomwepo, umatha kutsika wokha. Pulinta ikamapitiriza ntchito imakhulupirira kuti Z ili pamene inali, ndiye nozzle imalima m'chinthucho. Nati ya anti-backlash, ya sipuling'i yochotsa mpata m'mazinga, imachepetsa kugwaku, ndipo ndodo ya mamilimita 2 imakuthetsa, ngakhale imayenda pang'onopang'ono.

Zooneka ngati Z koma si Z

Tibwerere ku machubu awiri aja. Mikwingwirima ikasintha mtunda malinga ndi kukula kwa chinthu, ikutsatira nthawi kapena kuchuluka kwa pulasitiki, osati msinkhu. Firmware ikamatenthetsa bedi poyatsa ndi kuthimitsa mphamvu yonse, chitsulo cha bedi chimafufuma ndi kunyala pang'ono, n'kumakweza ndi kutsitsa chinthu chimene chili pamwamba pake. Yesani kusindikiza kanthu kakang'ono ka PLA bedi litathimitsidwa leya yoyamba ikangotha. Mikwingwirima ikasowa, pakufunika PID ya bedi, njira yosunga kutentha mofanana: M303 E-1 S60 C8 U1, kenako M500, ndipo izi zimatheka pokhapokha PIDTEMPBED ili yotsegula mu firmware ya Marlin. Ya nozzle ndi M303 E0 S200 C8 U1. Onaninso giya ya extruder, chokankhira pulasitiki ku nozzle, ngati yadzaza ufa, mkono wa pulasitiki wa extruder ngati wasweka pansi pake, ndi filament, ulusi wa pulasitiki, ngati ikukoka movutikira pa mpukutu. Filament yosiyana makulidwe imayezedwa ndi vernier malo angapo, ndipo iyenera kukhala pafupi ndi mamilimita 1.75.

Za girisi

Ndodo yoyera ndi yodzola imachotsa theka la madandaulo ang'onoang'ono. Itsukeni ndi mswachi wakale ndi sipiriti wa isopropyl, muipukute, kenako pakani girisi woyera wa lithium kapena wa PTFE pang'ono chabe, n'kuyendetsa mtanda pamwamba ndi pansi kawiri kuti afalikire. WD-40 wamba si girisi, amasungunula amene analipo n'kuuma. Girisi wochuluka amakola fumbi, ndipo m'miyezi ya chilimwe fumbi losakanikirana ndi girisi limasanduka phala lonola limene limadya nati ya brass, choncho pulinta izifunditsidwa ikakhala pa mpumulo. Matayala ndi mipata ya mizati sizidzoledwa, zimangopukutidwa ndi kansalu kouma. Pa Ender 3 filament imadutsa pafupi kwambiri ndi ndodo polowa mu extruder, ndiye ikani kachotchinga kapena kachubu ka PTFE pamenepo kuti isatenge girisi n'kupita naye ku nozzle.